Zaka 27 ndili ndi wezulo m'khosi: ndisiye kapena ndipitirize?

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale m'boma la Ntcheu. Ndinayambitsa gulu la masikauti pasukulu pathu mu 1998 ndipo ndalitsogolera mpaka lero osalandirapo ngakhale tambala. Chaka chamawa ndikupuma pa ntchito, ndibwerera kumudzi komwe ndi mtunda wa makilomita 30. Aphunzitsi achinyamata atatu omwe ndinayesa kuwakokeramo anathawa ataona kuti mulibe alawansi. Mayi a kunyumba akuti Loweruka lililonse la banja lathu linadyedwa ndi ana a eni. Kodi ndizipalasabe njinga kubwera kusukulu, kapena ndingolisiya gululi life? Nanga amene amatumikira moyo wawo wonse amatha bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, njinga ija ipumitseni. Makilomita 30 kupita, 30 kubwerera, pa msinkhu wa penshoni, mungapirire teremu imodzi kapena materemu awiri. Mvula ya Januwale ikadzadula msewu mudzayamba kujomba, ndipo gulu lidzafa imfa yomwe mukuiopayo, inu mutatopa kale, kunyumbanso mutakwiyitsa. Koma sindikuti litayeni. Mwatsala ndi chaka chathunthu, ndipo chaka n'chokwanira kugwira ntchito imodzi yomwe, powerenga kalata yanu, ndikuona kuti simunaiyambe: kudzichotsa pakati pa gululo.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Mu 2003 ndinkatsogolera gulu lomwe linkakumana pabwalo la tchalitchi china m'tauni. Tinali ndi bokosi lachitsulo, lija anthu akale ankapita nalo ku sekondale yogonera komweko. Munkakhala zingwe, mbendera, mapoto awiri akuluakulu, nkhwangwa, ndi kathumba ka mabandeji. Kiyi wake ndinam'mangirira pachingwe chomwecho cha wezulo, m'khosi mwangamu. Amalume atamwalira ndinapita kumudzi, nkhani zapamaliro zinatalika, ndinakhalako masabata atatu. Pobwera ndinafunsa mnyamata wa zaka 14 yemwe ndinkamutcha mtsogoleri wa kagulu kuti anachita chiyani m'mbuyo muno. Akukanda dothi ndi chala chakuphazi anati, "Tinabwera ndithu, koma bokosi linali lokiya, ndiye tinangosewera mpira." Loweruka lachiwiri panabwera ana asanu ndi mmodzi. Lachitatu panalibe ndi mmodzi yemwe. Chomwe chimandichititsa manyazi mpaka lero si kiyi uja ayi. N'choti popita kunyumba madzulo amenewo, mumtima munali kachisangalalo: taonani, popanda ine palibe chimayenda. Kachisangalalo kameneko ndiko kamapha magulu a atsogoleri okhalitsa. Ndikukupemphani mudzifufuze ngati inunso mulibe.

Usikauti sunapangidwe kuti uzizungulira munthu wamkulu. Pamene Robert Baden-Powell, yemwe anayambitsa usikauti, anayesa maganizo ake koyamba pachisumbu cha Brownsea ku England mu Ogasiti 1907, anali ndi anyamata pafupifupi 20, ndipo chinthu choyamba anawagawa m'timagulu tinayi, kalikonse n'kukapatsa dzina la nyama kapena mbalame ndi mtsogoleri wochokera pakati pa anyamatawo. Chaka chotsatira, 1908, buku lake la Scouting for Boys linkatuluka m'zigawo zisanu ndi chimodzi, chigawo chimodzi pa masabata awiri aliwonse. Anyamata ankagula okha, n'kupanga timagulu tawo okha m'misewu ndi m'minda, kenako n'kuyamba kusakasaka munthu wamkulu woti awathandize. Onani dongosolo lake: ana anayamba, akuluakulu anachita kuitanidwa. Kagulu ka ana asanu ndi mmodzi mpaka asanu ndi atatu, komwe timati patrol, ndiko mtima wa zonse. Mtsogoleri wamkulu amaphunzitsa atsogoleri a timagulu, iwowo n'kukaphunzitsa anzawo. Ife aphunzitsi apa ndiye timalephera kwambiri, chifukwa tinazolowera kuima kutsogolo ndi choko. Timangosamutsa kalasi kupita nayo pansi pa mtengo, n'kuiveka mipango m'khosi.

Choncho wolowa m'malo wanu woyamba si mphunzitsi. Ndi atsikana ndi anyamata a Sitandade 6 ndi 7 omwe muli nawo kale. (A Sitandade 8 asiyeni, mutu wawo uli pa mayeso ndipo akuchoka.) Kuyambira teremu ino, Lachinayi lililonse poweruka khalani ndi atsogoleri a timagulu kwa theka la ola. Iwo anene zomwe zichitike Loweruka, ndani abweretse chingwe, ndani atsogolere nyimbo, ndani aphunzitse mfundo yomangira bandeji. Loweruka likafika inu khalani patsinde la mtengo, manja m'thumba. Mzere ukhota, nyimbo iyambira pakati, mbendera ikwera mochedwa. Pakamwa padzayabwa. Lumani lilime, zolakwikazo mukazikambe Lachinayi.

Tsopano za akuluakulu. Musanawaweruze aphunzitsi atatu aja, kumbukirani mbiri ya usikauti kwathu kuno, chifukwa ikufotokoza chifukwa chake muli nokha. Ine ndinalowa ndili ndi zaka 11 pasukulu ya mishoni, koma sindinadyerere. Mu 1971 boma la chipani chimodzi linathetsa usikauti, achinyamata onse n'kulozeredwa ku Malawi Young Pioneers. Mpango wanga unakhala pansi pa sutukesi zaka 25. Apayoniya analandidwa zida ndi asilikali mu Disembala 1993, ndale za zipani zambiri zinabwera mu 1994, ndipo usikauti unadzukanso mu 1996. Bungwe la Scout Association of Malawi linalandiridwa m'bungwe la masikauti a dziko lonse, World Organization of the Scout Movement, mu 2005. Inu amene munayamba mu 1998 muli m'gulu la anthu omwe anautola pansi. Koma zaka 25 zija zinasiya mpata waukulu: m'badwo wonse unakula osamangapo mfundo ya sikauti, osagonapo kukampu. M'mayiko omwe usikauti sunaduke, mtsogoleri akamakalamba amapeza kumbuyo kwake kuli makolo omwe nawonso anali masikauti, oti n'kungowakodola. Inu munalibe oterowo. Munazolowera kuchita zonse nokha chifukwa poyamba panalibedi wina, ndipo chizolowezicho chinatsala ngakhale anthu atayamba kupezeka.

Zaka zomwezo ndi zomwenso mabungwe anadzaza dziko ndi misonkhano yolipira alawansi. Mphunzitsi wa zaka 26 lero anakula akuona kuti ukaitanidwa Loweruka, pamapeto pamakhala pepala losainira. Malipiro ake satha mwezi, mwina Loweruka ndi tsiku lomwe amaphunzitsa ana apadera kapena kukaoda tomato. Akamafunsa za alawansi sikuti ndi wadyera. Ine ndimasiyanitsa zinthu ziwiri. Kulipidwa chifukwa chotsogolera, ayi, usikauti ndi wodzipereka ndipo izi muziwauza tsiku loyamba, osabisa. Koma kutulutsa ndalama za m'thumba mwako kugulira gulu chingwe, machesi, thiransipoti ya kumsonkhano wa kuboma, izinso n'zosayenera. Ndikukhulupirira kuti inu mwakhala mukutero zaka 27, ndipo achinyamatawo anaona. Anawerengera mumtima kuti kulowa m'malo mwa bambo awa ndiye kuti nanenso ndizidyetsa gululi ndi malipiro anga. Kuwolowa manja kwanu kunakweza mtengo wa mpandowo mpaka palibe angaugule. Konzani zimenezi musanachoke: kakomiti ka makolo atatu kapena anayi, msungichuma asakhale mtsogoleri, kope lolembamo zolowa ndi zotuluka, ndi kanjira kopezera ndalama komwe ana angakwanitse, monga dimba la masamba kuseri kwa sukulu kapena nazale ya mitengo yogulitsa mvula ikamayamba.

Funso lina ndi ili: munawapatsa ntchito yanji atatu aja? Ndaona kambirimbiri mtsogoleri wakale akuti "ndikufuna wondithandiza," pomwe akutanthauza wonyamula mapoto ndi woitana mayina. Munthu wamkulu, wophunzira, sangataye Loweruka lake kuti azikaonerera wina akuimba wezulo. Komanso akayang'ana inu amaona zaka 27, n'kuganiza kuti akavomera ndiye kuti walowa ukwati wopanda chisudzulo. Bungwe la dziko lonse lija lili ndi ndondomeko ya momwe akuluakulu azitumikirira, ndipo mfundo yake ine ndimaikonda: munthu amagwirizana ndi gulu za ntchito yodziwika, kwa nthawi yodziwika, ndipo nthawiyo ikatha amakhala pansi n'kusankha chimodzi mwa zitatu, kupitiriza, kusintha ntchito, kapena kupuma. Zitatu zonsezi n'zaulemu. Ndiye musapemphe munthu kuti "atenge gulu." Mupempheni chaka chimodzi, ndi chinthu chimodzi: inu muziyang'anira ana aang'ono, inu mukonze kampu ya mu Ogasiti, inu muziphunzitsa chithandizo choyamba kamodzi pamwezi. Ntchito yomwe mumaisenza nokha igaweni patatu.

Ndiponso musayang'ane m'chipinda cha aphunzitsi mokha. Mphunzitsi amasamutsidwa, kalata imodzi yochokera ku ofesi ya maphunziro gulu latha. Ana omwe munayamba nawo mu 1998 ali ndi zaka 11 kapena 12, lero akuyandikira zaka 40. Ena ali ku Joni, ena ku Lilongwe, koma ndikutsimikiza kuti pamsika wapafupi pali kalipentala, telala, mlangizi wa zaumoyo kapena mayi wogulitsa zitumbuwa yemwe anadutsa m'manja mwanu ndipo mwana wake ali pasukulu pomwepo. Amenewo sasamuka, ndipo simufunika kuwafotokozera kukoma kwa moto wa kukampu. Tengani makope anu akale, lembani mayina khumi, muwayendere mmodzimmodzi kunyumba kwawo, osati kuwaitanitsa kudzera mwa mwana. Mphunzitsi mmodzi akufunikabe kuti akhale mlatho ndi ahedi, koma msana wa gulu ukhale anthu a m'mudzimo.

Mwafunsa kuti otumikira moyo wonse amatha bwanji. Omwe ndawadziwa ine, palibe anakhala pampando umodzi kuyambira unyamata mpaka imvi. Ankasintha malo okhala. Taonani ngakhale mikanda yomwe timavala. Maphunziro a atsogoleri otchedwa Wood Badge anayamba mu 1919 ku Gilwell Park, kufupi ndi London, ndipo omaliza maphunzirowo Baden-Powell anawapatsa timikanda tamtengo tochokera pamkanda wautali wa Dinizulu, mfumu ya Azulu, womwe anautenga pa nkhondo ya ku Zululand mu 1888. (Inde, chizindikiro chomwe atsogoleri a dziko lonse amanyadira chinachoka kuno ku Africa m'njira ya nkhondo ya atsamunda. Ine ndimavala, koma ndimawauza ophunzira anga komwe chinachokera.) Womaliza maphunziro amavala mikanda iwiri. Itatu ndi ya wothandiza kuphunzitsa atsogoleri, inayi ndi ya mphunzitsi wa atsogoleri. Palibe mkanda wowonjezera chifukwa chokhalitsa ndi gulu limodzi. Makwererowo akamakwera amakuchotsa pamaso pa ana n'kukuika kumbuyo kwa akuluakulu anzako. Ngati mwa anthu omwe muwapezewo muli wachidwi, funsani kwa komishonala wa masikauti m'boma lanu za maphunziro otsatira a atsogoleri, ndipo ndalama yoyamba ya dimba lija ipite pa ulendo wake.

Baden-Powell mwiniwakeyo anadziwa kuchoka. Pa msonkhano waukulu wa masikauti wa 1937 ku Netherlands, ali ndi zaka 80, anatsanzika. Mu 1938 anasamukira ku Nyeri, m'dziko la Kenya, m'kanyumba kotchedwa Paxtu, ndipo anamwalira komweko pa 8 Januwale 1941. Pamwala wa manda ake pali kabwalo kokhala ndi kadontho pakati, chizindikiro chomwe sikauti amasiya panjira pouza anzake kuti wapita kwawo. Mkazi wake Olave anapitiriza kutsogolera ma Girl Guides, gulu longa la masikauti koma la atsikana, mpaka imfa yake mu 1977. Koma musadziyerekeze nawo kwambiri. Iye anali mkulu wa asilikali wopuma, wolemba mabuku ogulidwa kwambiri, ndipo mkazi wake anali m'ntchito yomweyo. Sanasiyepo munthu kunyumba akupala moto yekha Loweruka.

Apa ndiye pa mayi a kunyumba. Akunena zoona, ndipo musawayankhe ndi mawu oti "ndimathandiza dziko." Tiwerenge: ngakhale titati munkakumana Loweruka 30 pachaka, pa zaka 27 ndi masiku 810, kuposa zaka ziwiri zathunthu, osawerengera makampu. Masiku amenewo wina ankapita yekha kumaliro, kuchinkhoswe, kumunda. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, n'zoona, koma amene analipira mwambi umenewu kunyumba kwanu ndi iwowo. Atsogoleri ambiri omwe ndinawaona akusiya mokhumudwa sanagwe chifukwa cha ana kapena kusowa matenti. Anagwa chifukwa kunyumba kunazizira. Ine ndinachedwa kuphunzira izi, ndipo mwana wanga wamkazi anandiuza atakula kale kuti ankachitira nsanje ana ovala mipango chifukwa iwo ankandiona nditaseka. Khalani nawo pansi mayiwo, muwauze tsiku lenileni lomwe mukupereka wezulo, ndipo muwafunse kuti pa zomwe muzichitabe pambuyo pake angalole ziti. Pamwambo wotsanzikana, mpando wawo ukhale kutsogolo ndipo dzina lawo litchulidwe.

Pali nkhani ina yomwe simunafunse koma sindingaidumphe, ndipo musaitenge ngati ndikukukayikirani. Gulu lomwe lakhala zaka zambiri m'manja mwa munthu mmodzi wokhulupirika limakhala lopanda malamulo otetezera ana, chifukwa lamulo lake ndi khalidwe la munthuyo. Makolo amangoti "ali ndi aphunzitsi aja, palibe vuto." Inu mukachoka, chikhulupiriro chimenecho chidzagwera munthu wina yemwe sanayesedwe. Ku America bungwe la Boy Scouts of America linapita kukhoti mu February 2020 kukalengeza kuti lagwa pa chuma chifukwa cha milandu ya nkhanza zogonana ndi ana, ndipo anthu oposa 82,000 anabwera kudzanena kuti anachitidwa zoterezi ali ana. Ambiri mwa ochita zimenezo anali anthu omwe makolo ankawadalira. Tsono zomwe inu mwakhala mukuchita mwa nzeru zanu zilembedwe papepala, ziwerengedwe pamaso pa makolo. Pa msonkhano uliwonse ndi ulendo uliwonse pakhale akuluakulu osachepera awiri. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana mmodzi pobisika, asagone tenti kapena kalasi imodzi ndi ana, asatume mwana kunyumba kwake. Pomwe pali atsikana pakhale mtsogoleri wamkazi, ndipo amayi a mother group apasukulu angathandize pamenepa. Mwana aliyense adziwe munthu wachiwiri woti angamuuze dandaulo, adziwenso nambala ya foni yaulere yothandiza ana ya 116. Malamulowa muyambe kuwatsata inu chaka chino, kuti wobwerayo asadzaone ngati apangira iye.

Chaka chanu chiyende chonchi. Teremu yoyamba ana atsogolere inu mukuonerera, uku mukuyendera anthu khumi aja. Teremu yachiwiri akuluakulu atsopano agwire zigawo zawo, inu muzijomba dala Loweruka limodzi pa atatu aliwonse, ndipo muziwauziratu. Teremu yachitatu kampu ikonzedwe popanda inu, mupiteko ngati mlendo, mudye nsima yomwe yaphikidwa ngakhale ikhale yamadzi. Mkati monsemo lembani. Kope limodzi lokhala ndi nyimbo, masewera, malo abwino omangapo kampu ndi mwini malo woti apemphedwe, chitsime chomwe chimauma mu Okutobala, kholo lomwe limabwereketsa ngolo, kalata yopempha chilolezo kwa makolo momwe mumailembera. Zinthu zimenezi zili m'mutu mwanu mokha, ndipo wobwerayo zingamutengere zaka zisanu kuti azitulukire.

Kupereka kuchitike poyera, pamaso pa ahedi, amfumu, makolo ndi ana, kuti pasadzakhale wonena kuti "gulu ndi la aphunzitsi aja, awa akungosungira." Ngati masiku angagwirizane, 22 February, tsiku lobadwa Baden-Powell lomwe masikauti amalikumbukira chaka chilichonse, kapena 13 Malichi, tsiku la masikauti mu Africa, ndi masiku abwino. Mukatero musaonekenso teremu yathunthu. Izi n'zowawa koma n'zofunika, chifukwa mukangoima m'mphepete mwa bwalo, maso a ana onse adzachoka kwa mtsogoleri watsopano n'kubwera kwa inu. Akakuimbirani foni kufunsa nzeru, yambani ndi kumufunsa kuti atsogoleri a timagulu anena chiyani.

Sindikunamizani kuti zonse zidzayenda. Gulu likhoza kuchepa, kuchoka pa ana 40 kufika pa 15. Likhoza kusintha mpaka inu osalizindikira. Langa lija, nditalipereka mu 2009, linatsala pang'ono kutha chaka choyamba, kenako linadzuka ndi nyimbo zomwe sindizidziwa ndi maguba omwe ine ndimaona ngati achuluka. Ndikapitako kamodzi pa teremu kukayesa ana mfundo ndi kampasi, amandipatsa mpando, ndipo ana ena amafunsana kuti agogowa ndi ndani. Tsiku loyamba kumva funso limenelo ndinabwerera kunyumba osalankhula. Likhozanso kufa ndithu ngakhale mutachita zonsezi, ndipo zikatero si mlandu wanu. Usikauti kwathu kuno unagonapo zaka 25 n'kudzuka chifukwa cha anthu omwe anaulawa ali ana.

Kumudzi mukupitako mudzapeza ana ongoyendayenda Loweruka, ndipo dzanja lidzayamba kufunafuna wezulo. Dikirani chaka chimodzi. Mukadzaona kuti simungapirire, ndipo mayi avomera, musadzakhale mtsogoleri. Pezani achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, inu muziwaphunzitsa pakhonde Lachisanu madzulo.

Za sabata ino: pitani kwa osula makiyi pamsika mukadulitse makiyi awiri a bokosi lanu. Mmodzi mupatse ahedi, winayo mtsogoleri wa kagulu yemwe mumamudalira kwambiri. Muwauze ana kuti Loweruka likubwerali simubwera, mupemphe akuluakulu awiri akakhale nawo pongoyang'anira, inu muwaperekeze mayi kumsika, ndipo Lolemba mukafunse kuti kunabwera angati ndipo anachita chiyani.